Madzi Ozizira Samira Nthawi Zonse

Ambiri a ife tinachoka ku sekondale titaloweza lamulo ili: madzi ofunda amakwera, madzi ozizira amamira. Tinalilemba pa mayeso, tinakhoza nalo, ndipo ena a ife posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 2 n'kuwalowezetsa lomwelo. Lamuloli si labodza ayi. Kungoti lili ndi malire ake, ndipo malirewo sitinauzidwe. Kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, pa nyanja ya Arctic, ndi kummwera kwenikweni, pa nyanja yozungulira Antarctica, madzi ozizira kwambiri amakhala pamwamba, ofundirako ali pansi pawo, ndipo zaka zimadutsa osasinthana malo. Mwana wochenjera akadzatifunsa chifukwa chake, tidzamuyankha chiyani?

Tiyambe ndi matambula awiri, chifukwa izi aliyense amene ali pafupi ndi firiji angathe kudzionera yekha. Phikani tiyi wakuda wopanda shuga, mumuike mufiriji mpaka aundane, mupeze zibenthu ziwiri zofanana. M'tambula yoyamba thirani madzi akumwa. M'yachiwiri thirani madzi omwewo koma osungunuliramo mchere, masupuni aakulu awiri pa lita imodzi, womwe ndi pafupifupi mchere wa m'nyanja zikuluzikulu. Ponyani chibenthu chimodzi m'tambula iliyonse, osatakasa. Chiyambe kutha n'chiti?

Ife titafunsa anzathu, ambiri analoza tambula ya mchere. Analakwa. M'madzi akumwa muja tiyi wosungunuka amatsika ngati timizere mpaka pansi, madzi ofunda n'kukwera kudzakhudza chibenthucho, ndipo posakhalitsa chimatha. M'madzi amchere tiyi wosungunuka satsika. Amayandama pamwamba, ali zii, n'kuzinga chibenthu chija ngati bulangete, moti chimakhalitsa. Tiyi uja ndi wozizira kuposa madzi a pansi pake, komabe ndi wopepuka, chifukwa alibe mchere. Zimene zachitika m'tambula yachiwiriyi ndi zimene zimachitika chaka ndi chaka pa nyanja za kumalekezero a dziko.

Zinthu zitatu zoti tizigwire

Choyamba ndi kutentha kapena kuzizira kwa madzi, komwe timayeza m'madigiri. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mchere, komwe timawerenga m'magalamu pa kilogalamu imodzi ya madzi. Nyanja zikuluzikulu, tikaziphatikiza zonse, zili ndi magalamu pafupifupi 35. Chachitatu ndi chimene mabuku a sayansi amachitcha density. Pa phunziro lino tizingoti kulemera, koma tikutanthauza kulemera kwa madzi odzaza muyezo umodzi wosasintha. Muyezo wathu ukhale thanki ya malita 1,000, kapena kuti migolo isanu ya malita 200. Thanki yotere ya madzi opanda mchere imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000. Ya madzi a pamwamba pa nyanja yamchere imalemera pafupifupi 1,025. Ya madzi a kufupi ndi Antarctica imafika 1,027 kapena 1,028.

Ziwerengerozi zikuoneka zoyandikana, mwina mpaka kutinyoza kuti tikukangana pa zazing'ono. Koma m'nyanja mulibe zazing'ono. Madzi amene aposa anzawo ndi theka la kilogalamu pa thanki amatsika ndithu, ndipo amene achepa ndi theka lomwelo amakhala pamwamba mpaka mphepo yamphamvu idzawasakanize.

Kulemera kumadalira zinthu ziwiri zoyamba zija. Kuzizira kumawonjezera kulemera, mchere nawonso umawonjezera. Funso lonse la phunziro lino ndi lakuti: pa ziwirizi, champhamvu n'chiti?

Yankho limasintha malinga ndi kumene tili. Madzi a madigiri 25 akazizira ndi digiri imodzi, thanki yathu imalemera ndi magalamu ena pafupifupi 300. Koma madzi amchere a madigiri 0 akazizira ndi digiri imodzi yomweyo, imangowonjezera magalamu pafupifupi 50, ndipo akamayandikira kuundana chiwerengerochi chimacheperachepera. Madzi ozizira kale safinyikanso kwenikweni. Mchere ndiye sutopa: galamu imodzi yowonjezera pa kilogalamu iliyonse imalemeretsa thanki ndi magalamu pafupifupi 800, kaya madziwo ndi ofunda kaya ozizira. Choncho kumadera otentha digiri imodzi ili ndi mawu, pomwe kumadera a ayezi galamu imodzi ya mchere imaposa digiri imodzi ka 15 kapena kupitirira apo.

N'chifukwa chake lamulo lija limatikwanira bwino kuno kwathu. Nyanja ya Malawi mchere wake ndi wochepa kwambiri, ndipo madzi ake ndi ofunda. M'miyezi yotentha pamwamba pamafika madigiri 28 pomwe pansi pali pafupifupi 23, ndipo kusiyana kumeneku kumapanga kilogalamu yoposa imodzi pa thanki. Mwera ukayamba m'chisanu, pamwamba pamazizira, madzi amasakanizika mozamirapo, ndipo kummwera kwa nyanja madzi a pansi amatumphuka. Pano kutentha ndiye mwini mudzi. Amene anatiphunzitsa lamulo lija sanatinamize. Ankanena za madzi ngati athuwa.

Pali chinanso chimene mchere umasokoneza. Madzi opanda mchere amalemera kwambiri pa madigiri 4. Akazizira kupitirira apo amayamba kupepuka, ndiye m'nyanja zopanda mchere za kumaiko ozizira madzi oyandikira kuundana amangokhala pamwamba, n'kuundana msanga. Madzi amchere wopitirira magalamu 24.7 alibe khalidwe limeneli. Amalemererabe mpaka kufika poundana, ndipo saundana pa ziro koma pa madigiri pafupifupi 1.9 kunsi kwa ziro. Chiwerengero chimenechi tichisunge, chifukwa ndicho malire a pansi. Pamwamba pa nyanja madzi sangazizire kuposa pamenepa n'kukhalabe madzi, ngakhale mpweya utafika madigiri 40 kunsi kwa ziro.

Chaka chimodzi kufupi ndi Antarctica

Tiyambe ndi kummwera popeza nyengo zake zimagwa miyezi yofanana ndi yathu. Mawu athu a nyengo sakwanira bwino kumeneko, kulibe dzinja la mvula kapena chilimwe cha fumbi, choncho tizingoti nyengo yachisanu ndi nyengo ya dzuwa.

M'mwezi wa Malichi dzuwa limakhala likutsika ndipo usiku ukutalika. Madzi a pamwamba, amene mwina anafika digiri imodzi pamwamba pa ziro, amataya kutentha kwawo, n'kufika pa malire aja. Apa kuzizira kwatha ntchito yake. Kuyambira pano nyanja ikataya kutentha sikuti izizira ayi, koma ipanga ayezi. Poyamba timabwera tizibenthu tonga singano, kenako phala, kenako mabwalo onga zitumbuwa zazikulu ogundanagundana, mpaka zonse zimagwirana.

Tsono ayezi sakonda mchere. Aliyense amene anayamwapo filizesi, chakumwa choundana cha m'kapepala ka pulasitiki chija, akudziwa kale zimenezi: kutsekemera ndi mtundu zimatuluka poyamba, m'manja n'kutsala chibenthu choyera chosakoma. Madzi akamaundana amakankhira kunja zimene zinasungunukamo. M'nyanja, mchere wokankhidwawo umasonkhana m'timipata ta mkati mwa ayezi ngati msuzi wowawa kwambiri, ndipo pang'onopang'ono umadontha n'kulowa m'madzi a pansi pake. Ayezi wa chaka chimodzi amatsala ndi magalamu ngati 5 kapena 6 okha pa kilogalamu. Amene wagona zaka zingapo amatsala ndi ochepa kwambiri, moti anthu oyenda kumadera amenewa amamusungunula n'kumwa.

Tiwerengere limodzi. Titenge malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, pomwe paundana ayezi wochindikala mita imodzi. Ayezi ameneyu amalemera makilogalamu pafupifupi 900. Madzi amene anachokerako anali ndi magalamu 34 a mchere pa kilogalamu, iye wasunga 6, ndiye kuti wataya 28. Tikachulukitsa 28 ndi 900 tipeza magalamu 25,200. Ndi makilogalamu 25 a mchere, theka la thumba, pa kamalo kochepa ngati thebulo. Mchere umenewu ukamwazika m'madzi ozama mamita 100 umakweza muyezo ndi kota ya galamu, ndipo thanki yathu imalemera ndi magalamu 200. Kuti kuzizira kokha kuchite zofanana, madziwo akanafunika kutsika ndi madigiri anayi kapena kuposa, zomwe sizingatheke poti afika kale pa malire.

Ndipo si kamalo kamodzi. Ayezi wa panyanja yozungulira Antarctica amachepa kwambiri mu Febuluwale, pomwe amatsala masikweya kilomita 2 kapena 3 miliyoni, ndipo amafika pachimake mu Seputembala, pa masikweya kilomita pafupifupi 18 miliyoni. Chigawo cha Antarctica chenichenicho ndi masikweya kilomita 14 miliyoni. Malo amene amaundana n'kusungunukanso chaka chilichonse angakwanemo maiko ofanana ndi Malawi oposa 120.

Madzi olemera ndi mchere aja amatsika, ena n'kukwera kudzalowa m'malo mwawo, nawonso n'kulandira mchere wawo. Pofika kumapeto kwa chisanu, gawo la pamwamba limakhala litasakanizika bwino mpaka mamita 100 kapena kuposa, lonse lili pafupi ndi kuundana, mchere wake utakwera kupitirira magalamu 34. Iyi ndiyo nthawi imene madzi a pamwamba amakhala ozizira kwambiri, amchere kwambiri ndi olemera kwambiri pa chaka chonse. Zitatuzi zimakumana nthawi imodzi, koma tisanyengedwe n'kuganiza kuti kuzizira ndiko kwawalemeretsa. Kuzizira kwapanga ayezi, ayezi wataya mchere, mchere ndiwo walemeretsa madzi.

Kuyambira Okutobala dzuwa limabwerera, ndipo pofika Disembala m'madera ambiri silimalowa n'komwe. Munthu angayembekezere kuti nyanja ifunda msanga. Sizitero, pa zifukwa ziwiri. Ayezi wokutidwa ndi chipale chofewa amabweza kumwamba magawo pafupifupi 80 pa 100 a kuwala kwa dzuwa. Ndipo kutentha kumene kwalowa kumathera pa kusungunula. Kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kumadya kutentha kofanana ndi kumene kungatenthetse kilogalamu ya madzi kuchoka pa ziro kufika madigiri 80. Choncho malinga ngati ayezi alipo, madzi omuzungulira amakhalabe pafupi ndi malire aja. Akatha m'pamene madzi amayamba kufunda, koma nthawi yotsala imakhala yochepa, ndipo m'madera ambiri amangofika pa ziro kapena digiri imodzi kapena ziwiri.

Mchere ndiye umasintha kwambiri. Mita imodzi ija ya ayezi ikasungunuka imasiya madzi opanda mchere wambiri, ndipo madzi amenewa, monga tiyi wa m'tambula uja, satsika. Akasakanizika ndi mamita 20 okha a pamwamba, mchere wa pamenepo umatsika ndi galamu yoposa imodzi, thanki n'kupepuka ndi kilogalamu yathunthu. Kufunda kwa madigiri awiri kuja kumangochotsapo magalamu ngati 100. Apanso mchere wapambana kakhumi.

Taonani kusafanana kwa nyengo ziwirizi. M'chisanu mchere umatsika n'kumwazika m'madzi ozama. M'nyengo ya dzuwa madzi osungunuka amaunjikana m'gawo lopyapyala la pamwamba. Ndiponso ayezi sakhala pomwe anabadwira. Mphepo imamukankhira kumpoto, moti mchere amausiya kufupi ndi gombe la Antarctica, madzi ake n'kukawasiya kutali makilomita mazanamazana. Kwa ife ichi ndicho chinthu chodabwitsa kwambiri pa nkhani yonseyi: ayezi amagwira ntchito ngati chosefera chimene chimalekanitsa madzi ndi mchere wake, n'kuzitula malo osiyana.

Amene angatsitse chida choyezera mu Febuluwale angapeze madzi atasanjikizana patatu. Titenge ziwerengero zachitsanzo. Pamwamba pali madzi a theka la digiri pamwamba pa ziro, mchere 33.5, kulemera 1,026.9. Pansi pake, pakati pa mamita 50 ndi 150, pali madzi otsala a chisanu chatha, amene dzuwa silinawafikire: madigiri 1.8 kunsi kwa ziro, mchere 34.3, kulemera 1,027.6. Kupitirira pamenepo madzi amafundanso: digiri imodzi pamwamba pa ziro, mchere 34.7, kulemera 1,027.8. Ofunda, ozizira, ofundanso. Tikayang'ana madigiri okha tiona chisokonezo. Tikayang'ana mchere tiona kuti ukukwera mwadongosolo kuchoka pamwamba mpaka pansi, ndipo kulemera kukutsatira mcherewo.

Gawo lopepuka la pamwamba lija n'lofunika kwa zamoyo. Ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso zimafuna kuwala, ndipo m'madzi osakanizika mozama zimatengedwa kupita kumdima. Madzi osungunuka amazisunga pamwamba pomwe pali dzuwa la usana ndi usiku, n'kuchulukana kwambiri m'mphepete mwa ayezi amene akusungunuka. Nderezi zimadyedwa ndi tinkhanu totchedwa krill, tinkhanuto n'kudyedwa ndi anamgumi. Ena mwa anamgumi amene amaoneka kugombe la Mozambique m'miyezi yachisanu, atabwera kudzaswana m'madzi ofunda, mafuta awo amakhala atawapangira kumeneko.

Kumpoto nkhani ili ndi mitsinje

Ku Arctic zonsezi zimachitikanso, koma miyezi yake ndi yotembenuka: ayezi amachuluka kwambiri mu Malichi, masikweya kilomita 14 kapena 15 miliyoni, ndipo amachepa kwambiri mu Seputembala. Kusiyana kwakukulu n'kwakuti Antarctica ndi mtunda wozunguliridwa ndi nyanja, pomwe Arctic ndi nyanja yozunguliridwa ndi mtunda, ndipo mtundawo uli ndi mitsinje ikuluikulu. Ob, Yenisei ndi Lena ya ku Siberia, komanso Mackenzie wa ku Canada, yonse imathira kumeneko. Nyanjayi ili ndi gawo limodzi lokha pa 100 la madzi a m'nyanja zonse, koma imalandira pafupifupi gawo limodzi pa 10 la madzi a mitsinje ya dziko lonse, ndipo ambiri amabwera mwakamodzi chipale cha kumtunda chikasungunuka cha mu Meyi ndi Juni. Kuwonjezera apo, madzi a Pacific olowera pa mpata wa Bering nawo mchere wawo ndi wochepa.

Choncho pamwamba pa Arctic mchere umakhala cha m'ma 30 mpaka 32, ndipo kufupi ndi pothira mitsinje m'nyengo ya dzuwa umatsika kupitirira 20. Pansi, kuyambira mamita 200 kapena kuposerapo, pali madzi ochokera ku Atlantic, ofunda kupitirira ziro, amchere pafupifupi 34.9. Pakati pa madzi a pamwamba ndi a ku Atlantic pali kusiyana kwa makilogalamu ngati atatu pa thanki. Chisanu chimodzi sichingatseke mpata umenewu. Mchere wotuluka mu ayezi umasakaniza mamita makumi angapo a pamwamba, n'kulekera pomwepo. Madzi ofunda aja ali ndi kutentha kokwanira kusungunula ayezi yense wa pamwamba pawo, koma sapatsidwa njira yokwerera.

Munthu amene anaonetsa bwino zimenezi ndi Fridtjof Nansen wa ku Norway. M'chaka cha 1893 anaunditsa dala sitima yake, Fram, mu ayezi wa kumpoto kwa Siberia, kuti ayeziyo aitenge pang'onopang'ono. Sitimayo inatulukira kufupi ndi Svalbard mu 1896. Pa ulendowu anapeza kuti nyanjayi ndi yozama mamita oposa 3,000, zomwe ambiri sankayembekeza, ndiponso kuti pansi pa madzi ozizira pali madzi ofunda amchere.

Koma chimene chimatisangalatsa ife chinachitika asanaundane, mu Ogasiti 1893, kufupi ndi gombe la Taymyr. Nyanja inali bata, injini ikugwira bwino, koma sitima inkangokwawa ngati pali amene waigwira kumbuyo. Amalinyero a ku Norway anali ndi dzina la zimenezi, ankati madzi akufa. Nansen anaona kuti madzi a pamwamba anali oti munthu n'kumwa, pomwe olowera pansi pa sitima yomweyo anali amchere kwambiri. Mu 1904 katswiri wachinyamata wa ku Sweden, Vagn Walfrid Ekman, anafotokoza chinsinsicho atayesa ndi kasitima kakang'ono m'thanki yagalasi. Sitima ikamayenda m'madzi opepuka ogona pa madzi olemera, imadzutsa mafunde pa malire a magawo awiriwo, pansi pamadzi pomwe maso saona, ndipo mphamvu ya injini imathera pa mafundewo. Ndi tambula yathu yachiwiri ija, koma yaikulu moti n'kuimitsa sitima.

Pomwe chivindikiro chimabooka

Tibwerere kummwera, tionenso ziwerengero zija. Madzi a chisanu anali 1,027.6, ofunda a pansi pake 1,027.8. Mpata ndi magalamu 200 okha, osati makilogalamu atatu ngati ku Arctic. Chivindikiro cha kummwera n'chopyapyala, ndipo pali malo amene chimabooka.

M'magombe ena a Antarctica, mphepo yozizira yotsetsereka kuchokera pamwamba pa mtunda imakankhira ayezi kutali ndi gombe akangopangika. Madzi amatsala poyera pakati pa chisanu, amaundananso, mphepo n'kuchotsanso. Malo otere amatchedwa polynya, mawu ochokera ku chinenero cha ku Russia. Pamalo ena, ayezi wopangidwa m'chisanu chimodzi atamusanjikiza angafike mamita 10. Pa samu yathu ija, amenewo ndi matumba asanu a mchere pa kamalo konga thebulo. Madzi a pamenepo amafika mchere 34.8 ali pa malire a kuundana, kulemera kwake n'kupitirira 1,028. Palibenso chowatchinga. Amasefukira m'mphepete mwa gombe la pansi pamadzi, n'kutsetsereka mpaka pansi penipeni pa nyanja. Izi zimachitika makamaka ku nyanja za Weddell ndi Ross, ndi malo ena ochepa monga Cape Darnley. Madzi amenewa amayenda pansi kulowera kumpoto, mu Atlantic amawoloka ngakhale Ikweta, ndipo amapezekanso pansi pa nyanja ya Indian kummwera kwa Mozambique. Amatenga mpweya wa okosijeni kuchokera pamwamba n'kukaufikitsa kumdima, n'chifukwa chake pansi pa nyanja zikuluzikulu pali zamoyo. Nyanja yathu ya Malawi ilibe chotsitsa madzi chotere, ndipo kupitirira mamita 250 mulibe okosijeni.

Nthawi zina chivindikiro chimabookanso pakati pa nyanja. M'zaka za 1974, 1975 ndi 1976, zithunzi za makina a satelayiti zinaonetsa dzenje lalikulu pakati pa ayezi wa ku Weddell, masikweya kilomita pafupifupi 250,000, kuwirikiza Malawi kawiri, ndipo silinatsekeke chisanu chonse. Madzi a pamwamba anali atalemera mpaka kufanana ndi a pansi. Atatsika, ofunda anakwera n'kuletsa ayezi kupangika, nawo n'kuzizira, n'kutsika, mkombero n'kumapitirira. Dzenje laling'onopo linaonekanso m'dera lomwelo mu 2016 ndi 2017. Apa lamulo la ku sekondale lija linagwira ntchito, madzi ozizira anamiradi, koma pokhapokha mchere utalola.

Zinthu zikusintha m'masiku athu ano. Kuyambira 1979, pomwe kuyeza kwa satelayiti kunakhazikika, ayezi wa mu Seputembala ku Arctic wakhala akuchepa, ndipo mu 2012 anatsika kufika masikweya kilomita 3.4 miliyoni. Madzi opanda ayezi amamwa kuwala kwa dzuwa koposa magawo 90 pa 100, choncho m'madera ena a m'mbali mwa Arctic madzi a pamwamba tsopano amafunda madigiri angapo m'nyengo ya dzuwa, kuundana n'kumachedwa. Ku nyanja ya Barents, kumpoto kwa Norway ndi Russia, ayezi wobwera kudzasungunuka wachepa, madzi opepuka a pamwamba achepa, ndipo madzi ofunda a ku Atlantic akufika pamwamba mosavuta kuposa kale. Ku Antarctica ayezi anatsika kufika masikweya kilomita 1.79 miliyoni mu Febuluwale 2023, ndipo chisanu cha chaka chomwecho sanafike n'komwe 17 miliyoni. Ambiri tikamva za kusintha kwa nyengo timaganiza za madigiri okha. Pa nyanja zimenezi, wofuna kudziwa kumene zinthu zikulowera ayenera kuyezanso mchere.

Kuyezako n'kovuta, makamaka m'chisanu pomwe sitima sizifika. Mchere sauyeza pophwetsa madzi ayi, koma poona mmene madziwo akudutsitsira magetsi, popeza madzi amchere wambiri amadutsitsa magetsi mosavuta. Pali zida zoyandama za ntchito yotchedwa Argo, zimene zimamira mpaka mamita 2,000 n'kukweranso zikuyeza, kenako n'kutumiza zotsatira pa satelayiti. Pansi pa ayezi akatswiri anapemphanso thandizo kwa eni dera: amamata kachida kakang'ono pamutu pa nyama za m'nyanja zonga akatumbu akuluakulu, zimene zimamira mamita mazanamazana posaka chakudya. Kachidako kamagwa kokha nyamayo ikamathothoka ubweya. Zambiri zimene tikudziwa za madzi a chisanu m'magombe a Antarctica zinabwera ndi nyama zimenezi.

Amene mukupita kukaphunzitsa, mukamaliza matambula awiri aja yesani yachitatu, yosonyeza nyanja ya mu Febuluwale. Pansi thirani madzi ofunda osungunuliramo masupuni anayi a mchere pa lita. Pamwamba pake thirani madzi a m'firiji a masupuni awiri pa lita, mutawadetsa ndi tiyi. Pomaliza thirani madzi akumwa opanda kanthu. Anawo alembe kaye zimene akuganiza kuti zichitika, kenako agwire tambulayo kunja ndi chala, kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pothira musafulumire: pendeketsani tambula, madzi azitsetsereka pa msana wa supuni, apo ayi zonse zisakanizika ndipo muyambiranso.